Mamilimita Atatu

Ku Valdivia mvula siyamba, imangopitiriza.
Sikisi isanakwane ndimakankha chitseko cha mtovu,
cholemera kuposa ng'ombe zitatu,
ndi kulowa m'chipinda chopanda zenera
momwe makina amagona chiweramire.

Wodwala wanga woyamba ndi madzi.
Ndimadzaza thanki mpaka pamzere,
ndimizamo kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga,
ndituluke, nditseke, ndidine batani.
Madzi sabuula, sakokomeza, sabisa.
Amandiuza m'manambala
pomwe cheza chafika ndi pomwe chafookera,
pakuti nalonso thupi la munthu ndi madzi
ovala khungu ndi dzina.

Dokotala Oyarzún amazunguliza chotupa ndi mzere wofiira:
ichi chife.
Ine ndimalondera zotsala:
msana uwu woti uyendebe,
tiziwalo ta malovu kuti buledi adzamezeke,
kamtsempha kopita kukhutu lamanzere.
Pakati pa chakufa ndi chotsala
pali mamilimita atatu.
Kwathu ndi m'menemo.

Lachiwiri lapitali manambala anandikana.
Makina anapyola mlingo ndi maperesenti anayi.
Ndinasintha waya, ndinaona kutentha kwa chipinda,
ndinayezanso, thukuta lili kamukamu m'manja.
Anayi omwewo, ali njo, osasuntha.
Ndinalemba papepala, ndi kumata pachitseko:
Lero ayi.

Pabenchi panali don Baldomero Huenchullán,
mmisiri wa maboti wa ku Corral.
Anawoloka mtsinje kusanache,
juzi yaubweya ikudontha pansi,
khosi litada ngati chikopa chowamba,
tsiku lake la khumi ndi chisanu ndi chiwiri
mwa masiku makumi atatu.
Anali asanandionepo. Dzina langa mulibe m'khadi lake,
ngakhale ndimadziwa mafupa a m'khosi mwake
kuposa mkazi amene anamukwatira.
Mawu ake anatuluka ngati sowo pathabwa lonyowa:
Kodi makinawo afa?

Sanafe, bambo. Akupatsa mopyola pang'ono.
Pang'ono bwanji?
Ndinasowa chonena, ndinangotukula dzanja,
kusiya kampata pakati pa zala ziwiri
koti tsitsi lokha n'kudutsa.

Anakhala duu.
Kenaka anasolola m'thumba tepi yoyezera,
yakale, manambala ake ofufutika,
naitembenuzatembenuza m'manja.
Ine, anatero, ndinasiyapo mpata wotero
pakati pa matabwa awiri, tsiku lina nditatopa.
Mlamu wanga anakapa madzi ndi chipewa
kuchokera pakati pa nyanja mpaka kumtunda,
ndipo mpaka lero sadya kwathu.
Anatsokomola, napukuta pakamwa.
Nyanja sifunsa ngati mmisiri anagona bwino.
Mawa nthawi yomweyi?

Injiniya anafika madzulo kuchokera ku Temuco,
anatukwana pang'ono, nasintha kachitsulo kamodzi.
Ndinadzazanso thanki. Ndinayeza kasanu.
Teni koloko usiku madzi anavomera.

Pobwerera ndinadutsa pamsika wa nsomba, utatsekedwa,
fungo lokha likulondera mabenchi.
Kunyumba Rayén anali maso, homuweki ili pamwendo.
Amayi, lero mwachiza angati?
Palibe, mwanangu. Ndabweza anthu makumi awiri ndi mmodzi.
Anandiyang'ana ngati ndalephera mayeso.

M'mawa mwake ndinamuona pakanema wa m'chipinda chowongolera,
chagada, nkhope itamangidwa m'chigoba cha pulasitiki,
mizere yobiriwira itapingasana pakhosi pake.
Makina anazungulira, akung'ung'udza chamumtima.
Palibe moto, palibe utsi, palibe chooneka,
masekondi makumi asanu ndi anayi basi,
ine ndikuwerenga limodzi nawo ngati sindinawerengepo.

Atamumasula anadzuka pang'onopang'ono,
nafunafuna diso la kamera pakhoma.
Sakanadziwa ngati ndilipo.
Anakweza dzanja lake la zipsera,
chala chachikulu ndi chamkombaphala
zitagundana ndithu, popanda mpata,
kenaka anawerama kufuna nsapato zake.